Matimati Amene Anandisunga pa Chikamwini

Sendera uko, Tiyamike, ndidutse. Ayi, mpando sindikuufuna, ndakhala mokwanira. Ndikudziwa zimene mumanena ndikapotoloka, mumati agogo anadya matako a galu, sakhala pansi. Nenani ndithu. Koma ndikhala bwanji pansi pamene Madalitso akusambitsa matimati anga ngati makanda? Iwe Mada, tsitsa keniyo! Madzi patsinde, osati pamasamba. Tsamba likakhalitsa lonyowa, mawa ulipeza lili ndi mawanga, mkuja lada ngati ladutsa pamoto. Ndicho chiwawu chimenecho, ndipo chikamalowa m'munda sichinena odi.

Siya kaye zothirirazo, bwera kuno nawenso. Mumandifunsa kawirikawiri kuti kadimba kakang'ono ngati aka, ka kuseri kwa nyumba, ndimakalondera chifukwa chiyani ngati ndinakwiriramo chuma. Lero ndikuuzani, poti amayi anu apita kumsika ku Kamwendo. Akanakhalapo akanandiletsa, nkhaniyi saikonda.

Ine pamudzi pano si kwathu. Musatong'ole maso. Kwathu ndi ku Kapondo, kumene kunakwiriridwa mchombo wanga. Kuno ndinabwera ndi banja, mkamwini, wotsata mkazi. Inu a masiku ano mukakwatirana mumathamangira kukachita lendi ku boma, ndiye chikamwini mumangochimva. Ife kale mwamuna ankanyamula khasu lake ndi bulangete, nkukamanga kwawo kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Iwe mwamuna uli ngati tambala wobwereka.

Ndili mnyamata sindinkadziwa nkomwe kuti matimati amalimidwa. Kwathu tinkamera tokha padzala pamene tinkataya zinyalala, ting'onoting'ono ngati nthudza, towawasa mpaka kutsinzina. Amayi ankangoti, “Thamanga padzala ukatole phwetekere,” basi ndiwo zakoma. Inu mumagula mbewu ya m'kapepala kokhala ndi chithunzi, mumapopera mankhwala onunkha, ndiye mumayesa dziko linayamba chomwecho. Ndipo ine za kumunda sizinkandikhalitsa. Ndinagwirako ku maesiteti a fodya, ndinatopa nako. Ndinagula njinga yakuda ija ya mabuleki a chitsulo, yolemera ngati ng'ombe, nkuyamba kudutsa njira zachidule kupita ku Chipata, kupita ndi mtedza, kubwera ndi sopo ndi nsalu. Njinga zamoto zimene mumakwera lerozi kunalibe. Phiri unkakwera ndi ntchafu zako, kamba wako mbatata yootcha m'thumba la malaya. Ndinkati ndikagona malo amodzi kawiri, mapazi ayamba kuyabwa.

Agogo anu aakazi, Nabanda, ndinawaona koyamba ku Guilleme titatuluka m'tchalitchi, akugulitsa matimati palichero. Ofiira, osalala, aakulu ngati chibakera cha mwana. Ndinagula osawafuna. Sabata yotsatira ndinagulanso. Ulendo wachitatu anandiyang'ana nkunena kuti, “Achimwene, kwanuko kuli ukwati kodi, kapena mumadya osaphika?” Inu simunawaone agogo anuwo. Pakamwa pawo ndi pomwepo pa Tiyamikeyu, mawu kutuluka asanapemphedwe.

Titalowana, ndiwo anandiphunzitsa zonse za kuseri kuno. Nazale, pofesera mbewu paja, ankaikweza ngati kabedi, nkutenthapo mapesi kuti tizilombo ta m'dothi tife. Ankalemba timizere ndi chala, nkumwaza mbewu motalikirana, kufotsera pang'ono chabe, pamwamba kuyala udzu. Keni tinalibe. Tinali ndi chitini cha mafuta ophikira chimene anachiboola kunsi ndi msomali, madzi ake otsika mofewa ngati mawawa. Mbande zikafika kutalika ngati chikhatho, ankadikira dzuwa lipendeke, ndipo ankazizula ndi dothi lake lomwe pokawokera. Ine ndinkathandiza ndi dzanja limodzi, maso ali kumsewu. Iwo ankati, “A Mwale, tomato safuna mlendo. Amafuna munthu woti amuone m'mawa, amuonenso madzulo.” Ndinkaseka, nkukwera njinga yanga.

Anadwala nthawi yochepa. Tinali titangokolola chimanga, kunja kukuzizira. Tinayesa kuchipatala, tinayesa mapemphero, koma anatisiya. Amayi anu, Sofiya, anali kamtsikana ka sitandade folo. Amalume anu a Petulo, a mimba yaikulu aja a ku Lilongwe, anali asanasiye kulira usiku kufuna bere.

Titameta, patapita miyezi, anandiitana pakhonde la alamu anga, a Kalisito, mlongo wawo wa malemu. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo onse. Munthu wamtali, wosalankhulalankhula, mlimi wa chimanga ndi mtedza amene ankati matimati ndi masewera a azimayi. Sanali munthu woipa, musamve molakwa. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pamphasa, ndipo alamu anayamba.

“Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, munamudwazika bwino, mwamuika bwino. Palibe chifukwa chimene tikukupezani nacho. Koma ndinu mwamuna, mukadali ndi mphamvu. Sitingakumangeni pamudzi pamene mkazi wanu palibe. Takusudzulani. Bwererani kwanu, mukapeze wokuphikirani. Anawa ndi athu, tiwalera.”

Kusudzula ndiko kumumasula munthu woferedwa kuti apite. Ankati ndi ulemu, ndipo kwa ena unalidi ulemu. Ine amene ndinkakonda msewu, tsiku limenelo anandipatsa msewu wonse, koma sindinaufune. Sofiya anali ataima patali, pafupi ndi nkhokwe, atabereka Petulo, miyendo ya mwanayo ikulendewera mpaka m'mawondo mwake. Mkamwini satsutsa mwambo pabwalo la eni. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo maso anga anagwera pampanda wa udzu uwu. Malemu anasiya nazale, ine nkuwokera mbandezo pongofuna chogwira ndi manja, ndipo nthawi imeneyo zinali zitayamba maluwa.

Ndinati, “Ndamva, eni mudzi. Sindikukana. Koma kuseri kuli matimati a malemu, angoyamba maluwa. Ndiloleni ndikhale mpaka athe.”

Anayang'anizana. Nkhoswe wina anati, “Zimenezo nzomveka. Munthu sasiya mbewu m'munda.” Alamu anagwedeza mutu. “Chabwino. Akatha matimati, a Mwale apite.”

Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinafesa nazale ina.

Mwaseka? Sekani, koma ine sindinkaseka. Oyamba aja asanathe kupsa, achiwiri anali ndi maluwa. Achiwiri akupsa, achitatu ndikuwokera. Kadimbaka ndinakagawa timagawo kuti pasapezeke tsiku limene kuseri kuno kulibe tomato wamoyo. Njinga ija inayamba dzimbiri. Ku Chipata anzanga ankafunsa ngati ndinafa. Komabe musaganize kuti ndinakhazikika. Chikwama changa chinali chomangamanga, chopachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo mtima unkangoti phaphapha ngati wa mbalame yogwidwa m'manja. Mbuzi ikalira pafupi ndi mpanda, ndadzambatuka, chifukwa mbuzi imodzi ikanatha kundisamutsa pamudzi. Nkhuku ikalowa, ndili pambuyo pake ndi chibonga. Ndili m'tchalitchi, anthu akuimba, ine ndikuganiza ngati ndatseka kachitseko ka mpanda.

Mantha ndi mphunzitsi, ana inu. Zimene Nabanda ankandiuza ine ndikuyang'ana kumsewu, zonse zinabwerera m'mutu chimodzichimodzi. Manyowa a m'khola osathira aawisi, amawotcha mizu, adikire awole mpaka asanduke dothi lakuda. Tsinde lililonse kulizikira kamtengo ndi kulimanga ndi luzi momasuka, kuti zipatso zisagone pansi. Timphukira tomera m'khwapa mwa nthambi kutithyola tikadali tating'ono, apo ayi mtengo umangochita masamba ngati chitsamba, zipatso nkukhala tinthu topanda pake. Masamba a m'munsi okhudza dothi kuwachotsa. Pamene pachoka matimati osabwerezapo matimati, kapena mabiringanya, kapena fodya, koma kuikapo nyemba kaye, chifukwa ndinazula tsinde lina lofota nkupeza mizu yake ili ndi timfundo ngati mikanda. Nsabwe za m'masamba zikabwera, ndinkasinja deliya, chitsamba chowawa cha maluwa achikasu chija cha m'mbali mwa njira, kusakaniza ndi tsabola ndi kasopo, kuviika, nkumawaza ndi katsache.

Alamu ankadutsa apa popita kumunda kwawo, khasu paphewa. Ankaima pampanda, mutu wokha kuonekera.

“Alamu, sanathebe?”

“Atsala pang'ono, alamu.”

Ankayang'ana akupsawo, nkuyang'ana a maluwa, nkuyang'ananso nazale yobiriwira pakona. Kenako ankakhosomola nkumapita. Ine thukuta kamukamu.

M'chilimwe, dzuwa lija lowotcha mvula isanagwe, chitsime chathu chinatsika mpaka chingwe kuperewera. Ndinapukuta njinga, kumangirira zigubu, ulendo wa kudambo m'mawa ndi madzulo. Nditadumphitsa kuthirira, ndinapeza zipatso zada kumatako ngati zapsa ndi mbaula. Ndinaphunzira kuti tomato safuna kumwa lero mpaka kukhuta, mawa nkugona ndi ludzu, amafuna pang'onopang'ono koma mosalekeza. Ndinayala udzu wouma m'mizere yonse kuti chinyezi chisathawe. Sofiya akaweruka kusukulu ankabwera ndi chitini chija. Sindinamuuzepo chifukwa chimene tinkavutikira chomwecho, koma tsiku lina ndinamumva akukalipira Petulo amene anathyola tomato wamuwisi. “Iwe, ukufuna ababa apite?” Mwana ankadziwa zonse.

Okupsa ndinkapita nawo ku Kamwendo kwa a Yusufu, Msilamu wina wa golosale amene ankagulitsanso mbewu. Ndiye munthu yekhayo amene ndinamuululira. Anaseka mpaka kugwira kauntala, kenako anasiya kuseka. “A Mwale, nzeru yanuyi ndi yabwino m'chilimwe. Nanga dzinja? Tomato ndi mvula sagwirizana.”

Dzinja loyamba ndinapulumuka. Ndinakweza mizere kuti madzi asaime, ndinamanga timadenga ta udzu pamwamba pa mbewu ngati tizisakasa, anthu odutsa nkumati mkamwini wa kwa Nabanda wazungulira mutu, akumangira nyumba matimati. Anabereka ochepa, ena ong'ambika, koma anali matimati. Chaka chinatembenuka, Petulo anayamba kulankhula bwinobwino, Sofiya anakhoza mayeso. Ndinayamba kuganiza kuti mwina nkhani ija yaiwalika.

Dzinja lachiwiri kunabwera mvumbi. Inu mumaudziwa mvumbi wa tsiku limodzi, wongokulepheretsani kupita kukatchaja foni. Uwo unali wina. Kumwamba kunatseka, dzuwa osaoneka, mvula yosalekeza usana ndi usiku, zovala kuchita nkhungu pachingwe. Timadenga tanga tinavunda nkuyamba kudontha. M'mawa wina ndinaona mawanga pamasamba a mzere wa kumapeto. Ndinathyola masambawo nkukawatentha m'khitchini. Mawa lake mawanga anali mzere wachiwiri. Ndinawaza phulusa, ndinawaza deliya, ndinazula odwalawo kuti ndipulumutse anzawo. Ndinkazungulira m'mundamo ngati galu wotsekeredwa, wonyowa mpaka m'kati, ndikuthyola, ndikutaya. Koma chiwawu chinalowa m'matsinde, kuda bii, zipatso kuwola zikadali zaziwisi. Ndinathamangira ku nazale, chiyembekezo changa chotsiriza. Timbande tonse tinali titagona pansi, titawola m'khosi.

Mvumbi utatha, dzuwa linatuluka lowala bwino, kuwalira timitengo toima tokhatokha. Alamu anabwera nkuima pampanda. Tsiku limenelo sanafunse. Ndinayamba ndine.

“Atha, alamu.”

“Ndaona,” anatero, maso ali pansi. Anaima nthawi yaitali ngati akufuna kuwonjezera mawu, koma mawu ananenedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo iwo anali munthu wosabweza mawu. Anatembenuka nkumapita.

Ndinatsitsa chikwama chija pamsomali. Ndikumangirira pakaliyala, Sofiya anagwira chishalo cha njinga ndi manja onse awiri.

“Ababa, tifese ena.”

“Pangano linali loti akatha, mwana wanga. Atha.”

“Ndiye tipite tonse.”

“Kwanu ndi kuno. Amalume ako akusunga bwino. Ndizibwera kudzakuonani.”

Ndinachita kumasula zala zake chimodzichimodzi. Petulo ankaseka, ankayesa ndikupita kukagula masikono. Ndinapalasa osacheuka, chifukwa ndikanacheuka ndikanagwa.

Ku Kapondo anandilandira bwino. Mlongo wanga anandisesera kanyumba kamene ankasungiramo fodya, ana ake nkumandigwadira, amalume uku, amalume uko. Kumeneko mwinimbumba ndinali ine, mawu anga anali ndi mphamvu. Koma ndinkadzuka mbandakucha manja akufunafuna chitini chothirira, nkukumbuka kuti palibe choti ndithirire. Ndinkapita kumunda kwa mlongo wanga, kulima mizere iwiri, kusiya. Kupita kumsewu, kukhala pamwala, kuimirira, kufunsa aliyense wa njinga ngati wachokera cha ku Guilleme. Chakudya ndinkangolawa nkusiya. Mlongo wanga anayamba kunditchulira mayina a akazi amasiye a m'mudzimo. Ndinkangoti, “Ndamva,” nkutuluka panja. Kale ndinkayenda chifukwa chokonda kuyenda. Apo ndinkayenda chifukwa pansi paliponse pankandiwotcha.

Chimanga chitayamba kudyedwa chachiwisi, tsiku lina masana ndinaona munthu wamtali akukankha njinga m'matope, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. Alamu a Kalisito. Ndinati kwagwa zovuta, mwana wina wadwala kapena zoposa apo. Koma mlendo safunsidwa ali chiimire. Tinawayalira mphasa, tinawapatsa madzi, tinalonjerana za mvula, za mbewu, za matenda a nkhuku. Mlongo wanga anawaotchera chimanga, iwo nkudya mzere ndi mzere mosafulumira, ine ndikungosinthasintha makhalidwe ngati ndakhalira linthumbu. Atataya chitsononkho anapukuta manja.

“Alamu, munasiya ntchito pakati.”

“Ntchito yanji, alamu?”

“Nazale yanu yakula. Mbande zikufuna kuwokera. Ife za matimati sitizidziwa.”

“Ine sindinasiye nazale. Yonse inawola, munaona nokha.”

“Ine ndikunena zimene zili kuseri kwa nyumba yanu. Kaya ndi maso anga okalamba, mukaone nokha.”

Sindinafunsenso. Ndinalowa m'kanyumba kaja, kutenga chikwama, kutsanzika mlongo wanga amene anangopukusa mutu. Panjira, titafika pamalo ena oterera, tonse titatsika tikukankha njinga, anayankhula osandiyang'ana. “Petulo sakudya. Sofiya kusukulu anasiya, amangokhala tsonga pampanda paja. Akazi anga ayesa zonse.” Anakankhanso njinga. “Ine ndimayesa kulera ndi kudyetsa basi.”

Za mmene ana anandilandirira sindinena, mungandione ndikupukuta m'maso nkukauza anzanu. Ndinena za nazale. Ana inu, pamoyo wanga wonse sindinaonepo nazale yoipa ngati imeneyo. Anaikumba pansi pa nthochi, pamthunzi wokhawokha. Mbewu anangokhuthula kapepala konse malo amodzi ngati akufesa mawere. Timbande tinamera mothithikana ngati tsitsi, titalitali, totuwa, toonda ngati ulusi. Kapepala kopanda kanthu anakabaya pakamtengo nkukazika pambali, kuti aliyense wodutsa aone chithunzi, asakaike kuti amenewa ndi matimati. A Yusufu anadzandiuza pambuyo pake kuti kunabwera bambo wina wamtali, wamanyazi ngati akugula mankhwala a matenda obisika, nkunong'ona kuti, “Ndipatseni mbewu ya matimati, koma osatha msanga.”

Ankhoswe ataitanidwa kuti amve chifukwa chimene munthu wosudzulidwa wabwereranso, alamu anawatengera kuseri kuno nkuloza pansi pa nthochi. “Tinapangana kuti akatha matimati apite. Nanga awa ndi chiyani? Si matimati awa?” Mayi wina wachikulire anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Nkhoswe wamkulu anawerama, kuyang'anitsitsa timaulusi tija, nkudzuka ndi nkhope ya mlandu. “Ndi matimati ndithu. Sanathe.”

Pa mulu wonsewo ndinapulumutsapo tochepa. Ndinatipatulira, kutizoloweza dzuwa pang'onopang'ono, nkutiwokera mozamitsa kuti thunthu loondalo limere mizu ina. Tinachira. Tsiku lowokera alamu anabwera kudzagwira chitini, nkumathira madzi ngati akuzimitsa moto, Sofiya akuwalangiza, “Amalume, pang'onopang'ono!” Munthu wamkulu, mwinimbumba, nkumati, “Chabwino, mayi.”

Kuyambira pamenepo zaka zinayenda. Sofiya anakula, anakwatiwa, munabadwa inu. Petulo anapita kutauni. Ine sindinakwatirenso, osati chifukwa chosowa ondifuna, Tiyamike usaseke, ndinali mnyamata wooneka bwino. Koma pa zaka zonsezo palibe tsiku limene alamu ananena kuti, “Khalani, pano ndi panu.” Mwambo sunawapatse mawu amenewo, ndipo ine sindinawapemphe. Tinkangokhala, iwo kumunda kwawo, ine kuseri kuno, mtima wanga theka uli pansi, theka uli m'malere. Chizolowezi chodzambatuka mbuzi ikalira sichinandichoke mpaka lero, ndi chimene mumachiona inu nkumandiseka.

Mada, iwe ukuwakumbuka agogo a Kalisito, unali utayamba sukulu pamene anadwala. Atafooka kwambiri anaitanitsa mbumba yonse, alongo awo otsala, adzukulu, ndi amene anali kudzalowa m'malo mwawo. Ine ndinakhala panja pakhonde monga mkamwini, nkhani za mbumba si zanga. Ndinangomva akuti, “Alamu alowe.” Ndinalowa chowerama nkukhala pafupi ndi chitseko. Anagawa mawu awo, za minda, za ng'ombe, za ana amasiye. Pomaliza anakweza dzanja, lowonda ngati bango, nkuloza ine.

“Awa tsiku lawo likadzafika, pasadzapezeke wofuna galimoto yopita ku Kapondo. Mudzawaike pafupi ndi mlongo wanga. Mwamva nonse?”

Onse anati tamva. Ine ndinasendera pafupi kuti ndithokoze. Iwo anatseka maso nkunena motsitsa, “Basi, alamu, tulukani, mukuchedwa kuthirira.”

Tsiku lowaika, anthu akuimba nyimbo yotsiriza, ine ndinasuzumira cha kumene anagona Nabanda. Malo alipo ndithu pambali pake, pansi pa mtengo waukulu wa muwanga. Ndinawayang'anitsitsa monga ndimayang'anira malo alionse. Mthunzi wachuluka, dothi lake ndi lamchenga, matimati sangachite bwino pamenepo. Koma ine, ana inu, pamenepo ndiye ndidzakhala pansi.